Si Mikhail, ndi Mykhailo

Mu Januwale 2023 ife masapota a Arsenal tinkagona foni ili m'manja. Timu inali pamwamba pa ligi, ndipo kukacha kulikonse kunkamveka zoti Mudryk, mnyamata uja wa timu ya ku Ukraine ya Shakhtar Donetsk, wa liwiro la mtondo wadooka, watsala pang'ono kusaina. Tinali titamuwerengera kale ngati wathu. Pa gulu lathu la pa WhatsApp ena anali atayamba kulimbana za nambala yomwe adzavale kumsana. Pa 15 mwezi womwewo tinangomuona pa kanema akuyenda m'bwalo la Stamford Bridge, atafunda mbendera ya kwawo, ali wa Chelsea. Mtengo wake unali 70 miliyoni euro, wotha kukwera mpaka 100 miliyoni. Amene muli ndi mlamu wa Chelsea mukudziwa mmene sabata imeneyo inatalikira.

Usiku womwewo, mtima ukuwawabe, ndinalowa pa gulu lina la masapota a Arsenal, lalikulu, lomwe mumakhala anthu a m'mayiko osiyanasiyana ndipo timalemberana m'Chingerezi. Ndinalemba zaukali zokhazokha: kuti mwanayo watsata ndalama, kuti adzanong'oneza bondo, kuti ife sitinataye kanthu. Dzina lake ndinalemba kuti Mikhail Mudrik. Ambiri anagwirizana nane, ena anaseka. Koma mayi wina anayankha mwachidule.

"Si Mikhail, ndi Mykhailo. Nanenso wandikwiyitsa. Mzazireni mmene mungafunire, koma muzimzazira ndi dzina lake."

Ndinaona ngati chipongwe. Anthu tili pa maliro a mpira, wina n'kubwera ndi cholembera chofiira ngati mphunzitsi wa Sitandade 5? Ndinamuyankha kuti dzinalo ndi limodzi lomwelo, Michael basi, ndipo aliyense wamva yemwe ndikunena. Yankho lake silinabwere. Ndinagona ndikudziona ngati ndapambana.

Linafika mawa lake madzulo, ndipo linayamba ndi kupepesa: kwawo ku Kharkiv, mzinda wa ku Ukraine, magetsi anali atazima usiku wonse ndi usana, foni n'kutha moto. Kuzima kwa magetsi ifenso timakudziwa, moti ndinatsala pang'ono kuchita nthabwala yoti tili pamodzi. Mwayi ndinadzigwira. Nyengo yozizira imeneyo asilikali a Russia ankaphulitsa dala malo opangira ndi ogawira magetsi m'dziko lonselo. Pa za dzina sanatalikitse. Anangoti Mikhail ndi Chirasha, Mykhailo ndi Chiyukireniya, ndipo agogo ake anakhala moyo wawo wonse ndi mayina awiri, lina la pakhomo, lina la m'mapepala a boma. Kenako anandifunsa kuti: "Mwati ndinu wa Arsenal kuyambira kale. Difenda uja tinagula ku Dynamo mu 1999, dzina lake mumalemba bwanji?"

Funso losavuta. Oleg Luzhny. Ndinamuonera ndili mnyamata, titapanikizana pa mabenchi m'kanyumba koonetsera mpira, ndipo ndimakumbukira fainali ya FA Cup ya 2003 pomwe anasewera bwino kwambiri. Chaka chisanafike chomwe tinamugula, iye ndi anzake a Dynamo anali atatichititsa manyazi mu Champions League: 1-1 pa Wembley, 3-1 kwawo.

"Oleh," anatero mayiyo. "Ndipo pano sali pa benchi ya makochi ayi. Analowa usilikali chaka chatha."

Apa ndiye ndinakhala chete, n'kuyamba kufufuza ndekha.

Chinsinsi cha Oleg ndi Oleh chili pa chilembo chimodzi. Zilankhulo ziwirizi zimalembedwa ndi zilembo zofanana ndithu, ndipo zonse zili ndi chilembo ichi: г. Wa ku Russia akachiona amatchula g, ngati wa mu "galu". Wa ku Ukraine amatchula mawu ochokera kummero, oyandikira h wathu wa mu "hema". Choncho munthu mmodzi yemweyo, dzina lolembedwa chimodzimodzi, ku Moscow ndi Oleg, kwawo ndi Oleh. Igor ndi Ihor, Olga ndi Olha. Mayina ena amasiyana kwambiri kuposa apa: Aleksandr ndi Oleksandr, Nikolai ndi Mykola, Vladimir ndi Volodymyr. Tangoganizani, atsogoleri awiri a mayiko omwe akumenyanawo, Putin ndi Zelensky, ali ndi dzina limodzi, lililonse m'chilankhulo chake.

Nditazindikira zimenezi, mpira wonse womwe ndinakula nawo unayamba kuoneka mwina. Sergei Rebrov uja Tottenham inagula ndi 11 miliyoni paundi mu 2000, yemwe tinkamuseka chifukwa zigoli zinamuthawa atafika ku London, ndi Serhiy Rebrov yemwe anapatsidwa timu ya dziko lawo mu 2023. Ndikanapanda kukumana ndi mayi uja, mwina ndikanayesa kuti ndi anthu awiri. Oleg Blokhin wa Ballon d'Or ya 1975 ndi Igor Belanov wa ya 1986, omwe madala a kale ankawatchula kuti "ma Russia", onse ankasewera Dynamo ya ku Kyiv, likulu la Ukraine, ndipo kwawo ndi Oleh ndi Ihor. Ngakhale Shevchenko, wa Ballon d'Or ya 2004, nyuzi zambiri za ku England zinkamulemba Andrei pomwe iye ndi Andriy. Mayina a anthuwa ankatifika atadutsa kaye ku Moscow, ngati katundu wotsitsidwa pa doko la eni ena n'kumatidwa chizindikiro cha komweko. Palibe anatiuza, ndipo ife sitinafunse.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti Chiyukireniya chili nacho chilembo chakechake cha g weniweni uja. N'chofanana ndi chinzake, kungoti chili ndi kanyanga kamodzi koloza m'mwamba: ґ. Mu 1933 boma la Soviet Union linachichotsa mu alifabeti, pofuna kuti kalembedwe ka Chiyukireniya kayandikire ka Chirasha. Chinabwezeretsedwa mu 1990. Zaka 57 chilembo chili ku ukaidi. Ndipo 1933 si chaka wamba kumeneko: ndi nthawi ya njala yochita kupangidwa ndi boma, yomwe amaitcha Holodomor, imene inapha anthu mamiliyoni. Mykola Skrypnyk, nduna yomwe inatsogolera kalembedwe kakale ka 1928, anadziwombera chaka chomwecho. Olemba mabuku ndi ndakatulo ambiri a m'badwo umenewo anaphedwa m'zaka zotsatira.

Nkhanza pa chilankhulochi sizinayambe ndi achikomyunizimu. Mu 1863 nduna ya mfumu ya Russia, Pyotr Valuev, inatulutsa kalata yoletsa kusindikiza mabuku a sukulu ndi a chipembedzo m'Chiyukireniya, ndipo m'kalatamo munali mawu oti chilankhulo chimenecho sichinakhalepo, kulibe, ndipo sichingakhalepo. Mu 1876 mfumu Alexander II, ili ku Ems m'dziko la Germany, inasaina lamulo lokhwima koposa: osasindikiza, osalowetsa mabuku kuchokera kunja, osachita zisudzo m'chilankhulocho. Boma limene likunena kuti chinthu kulibe, n'kumachikhazikitsira malamulo awiri ochiletsa, ladziulula lokha.

Ndiye pamene ine ndinkati "ndi dzina limodzi lomwelo", ndinkabwereza, osadziwa, mawu omwe anthuwa akhala akuwamva kwa zaka zoposa 150 kuchokera kwa anthu omwe sankawafunira zabwino.

Pano ndiulule chinthu chomwe sichinandisangalatse nditachiona mwa ine ndekha. Ife a Chichewa, tikamva nkhani za chilankhulo choponderezedwa, timathamangira kudziika kumbali ya wolira, chifukwa timakumbukira Chingerezi ndi zilango za kusukulu kwa wolankhula chakwawo. Koma mu 1968, pomwe msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa n'kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo sichinabwerere mpaka 1994. Pa nkhani imeneyo chilankhulo changa ndi chimene chinakhala pa mpando. Sindikufanizira zimenezi ndi mizinga ya ku Kharkiv, ayi ndithu. Ndikungoti mawu akuti "bola tamvana, zilembo n'zachiyani" amatuluka mosavuta m'kamwa mwa munthu yemwe dzina lake silinakhotetsedwepo pa kaundula. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Za mizinda ndiye ambiri mwaziona kale. Boma la Ukraine linavomereza kalembedwe ka Kyiv mu 1995, koma dziko lapansi linapitirizabe kulemba Kiev kwa zaka zina zoposa makumi awiri. Mu Okutobala 2018 unduna wawo woona za ubale ndi mayiko ena unayambitsa kampeni ya KyivNotKiev, ndipo zida zake zinali anthu wamba a pa Twitter ndi Facebook, omwe ankalembera nyumba zoulutsira mawu ndi mabwalo a ndege mmodzimmodzi, osatopa. Mu 2019 The Guardian, Associated Press, BBC ndi The New York Times onse anasintha. Wikipedia ya Chingerezi, komwe mkanganowu unatha zaka zambiri, inagonja mu Seputembala 2020. Pambuyo pa Kyiv panatsatira Kharkiv m'malo mwa Kharkov, Lviv m'malo mwa Lvov, ndi Odesa wa s mmodzi. Lviv yekhayo ndi phunziro: a ku Poland amati Lwów, m'nthawi ya ufumu wa Austria unali Lemberg. Mzinda umodzi, dzina lililonse likukuuza yemwe ankalamula. Nako kwawo kwa Mudryk, komwe anabadwa kukutchedwa Krasnohrad, kunasinthidwa mu 2024 kukhala Berestyn.

Mphwanga, yemwe mpira alibe nawo ntchito koma amachezera magemu a pa kompyuta, anandionetsa kuti kwawonso moto ndi womwewo. Kampani ya ku Kyiv ya GSC Game World inatulutsa gemu yotchuka ya S.T.A.L.K.E.R. mu 2007, ndipo pa dzina lake panali Chernobyl, kalembedwe ka Chirasha ka malo ena a ku Ukraine. Yachiwiri inalengezedwanso ndi Chernobyl, koma mu Malichi 2022, nkhondo yaikulu itangoyamba, anasintha chilembo chimodzi: Chornobyl. Itatuluka mu Novembala 2024, anthu a m'gemumo ankalankhula Chiyukireniya kapena Chingerezi. Mawu a Chirasha munalibe. Mphwangayo akuti ndemanga za osewera zinasanduka bwalo la milandu. Ena ankalira kuti ndale zalowa m'magemu. Ine ndimati ndale zinalimo kale pa chilembo choyamba chija, kungoti zinali ndale zomwe tinazizolowera mpaka kusiya kuziona.

Okonda mpikisano wa nyimbo wa Eurovision nawo ali ndi mbiri yawo. Mu 2021 gulu la ku Ukraine la Go_A linaimba nyimbo ya m'Chiyukireniya chokhachokha, kanali koyamba kuti dzikolo lichite zimenezo pa mpikisanowo, ndipo linakhala pa nambala 5. Achinyamata a ku Spain ndi ku Sweden ankafunsana pa intaneti tanthauzo la mawu ake. Chaka chotsatira Kalush Orchestra inatenga chikho.

Ndikanalekera pamenepa, nkhaniyi ikanakhala yosalala kwambiri, ndipo si mmene zilili.

Patapita miyezi, pa gulu lomwe lija, mnyamata wina wa ku Odesa analemba za masewero athu a tsiku limenelo, n'kuwonjezera kuti waonera theka lachiwiri ali kobisala chifukwa kunalira chenjezo la mizinga. Dzina la mzinda wake analemba ndi ss, ndipo mnzake wina atamuyankha m'Chirasha iye anabwezanso m'Chirasha. Pomwepo mzungu wina wa kutsidya kwa nyanja, wokhala ndi kambendera ka Ukraine ka buluu ndi chikasu pa dzina lake, anamulumphira: bwanji ukulemba chilankhulo cha adani, kodi sudziwa kuti ndi Odesa? Munthu ali pa sofa kwawo, akuphunzitsa mwini mzinda kalembedwe ka mzinda wake, mwiniyo ali m'chipinda cha pansi. Kumeneko ndiye kulira kuposa namfedwa.

Yemwe anamuletsa ndi mayi wa ku Kharkiv uja. Anamuuza kuti iyenso anakula akulankhula Chirasha, monga anthu ambiri a mumzinda wake, ndipo anasamukira ku Chiyukireniya ali wamkulu kale, mwa kufuna kwake, movutikira, akulakwitsa ndi kusekedwa. Anati imeneyo ndi nkhani ya pa banja, ndipo alendo aziyamba amvetsera.

Ziwerengero zimamuikira umboni. Pa kalembera wa 2001, anthu 67.5 pa 100 alionse anati chilankhulo chawo chobadwa nacho ndi Chiyukireniya, ndipo 29.6 anati Chirasha. Volodymyr Zelensky anakulira ku Kryvyi Rih akulankhula Chirasha, ndipo nthabwala zomwe zinamutchukitsa zambiri ankazichita m'Chirasha. Asilikali ambiri omwe akutchinjiriza dzikolo amalankhulana m'Chirasha. Pakati pa ziwirizi pali chosakaniza chomwe amachitcha surzhyk, mawu omwe poyamba ankatanthauza ufa wa mbewu zosakaniza. Anthu ophunzira amachinyoza, koma m'midzi ndi m'misika yambiri ndicho chimamveka. Amene munamvapo wa ku Ndirande akuyamba chiganizo m'Chichewa, kuchipinda m'Chingerezi n'kuchimaliza ndi mawu a pa siteji ya minibasi, simungadabwe nazo. Oleksandr Zinchenko, wa ku Ukraine uja anasewerera Arsenal, yemwe tinamuona akugwetsa misozi chifukwa cha dziko lake, mpira wake wa akuluakulu anayambira ku Ufa, m'dziko la Russia, nkhondo ya ku Donbas, kum'mawa kwa Ukraine, itasokoneza banja lake mu 2014. Moyo wa anthuwa sunadulidwe ndi mpeni pakati.

Ngakhale pa mayina, eni ake sayenda njira imodzi. Katswiri wa nkhonya uja amadzilemba yekha Wladimir Klitschko, kalembedwe ka Chijeremani, chifukwa ntchito yake anaikulitsira ku Germany. Kutsata malamulo a boma a mu 2010 a kalembedwe ka mayina m'zilembo zathuzi, akanakhala Volodymyr Klychko. Kodi ndipite ndikamukonze? Mkulu wake Vitali ndi meya wa Kyiv kuyambira 2014, ndipo palibe amene amakayika za mbali yomwe banjalo lili. Mudryk yemwe anayambitsa zonsezi anzake amamuitana kuti Misha, chidule chomwe chimamveka mbali zonse ziwiri za malire. Ndiye lamulo lomwe ndinadziikira si lakuti Chiyukireniya nthawi zonse. Ndi lakuti mwini dzina ndiye mwini kalembedwe. Akandiuza kuti ndi Oleh, ndilemba Oleh. Akadzilemba yekha Wladimir, ndilibe nazo mawu. Ndipo ndikaona wa ku Odesa akulemba mzinda wake mmene anazolowerera, ndimatseka pakamwa, ngakhale ine ndimalemba ndi s mmodzi.

Kulemba n'kosavuta, kutchula ndiye ntchito. Ife tikaona kh timatchula ngati wa mu "khasu" kapena "khomo". Wa mu Kharkiv ndi Mykhailo si ameneyo. Ndi mpweya wokhula kummero, ngati munthu akuchotsa kaminga ka usipa. Ndinayesera pa uthenga wa mawu, ndipo mayi uja anati ndikumveka ngati mphaka wokwiya, koma bola. Anandiphunzitsanso mawu amodzi omwe mu 2022 anasanduka chiphaso: palianytsia, dzina la buledi wozungulira. Olankhula Chirasha cha ku Russia lilime limawakanika pa mawuwa, ndipo ena amawasokoneza ndi polunytsia, omwe ndi sitiroberi, moti anthu ankauza munthu wokayikitsa kuti awatchule. Pa magulu a masapota ankangowalemba mwanthabwala kwa aliyense yemwe wayamba kulankhula ngati wotumidwa. Ine ndinalephera kanayi.

Chomwe ndinachikonda koposa ndi ichi: m'Chiyukireniya dzina limasintha ukamaitana mwini wake. Ukamanena za Andriy umati Andriy, koma ukamamuitana umati Andriyu. Mykola amakhala Mykolo, Oleksandr amakhala Oleksandre, ndipo mama amakhala mamo. Chirasha cha masiku ano chinasiya kale kachitidwe kotere, kupatula m'mawu ochepa akalekale. Chilankhulo chokhala ndi njira yapadera yosonyeza kuti tsopano ndikulankhula ndi iwe, osati za iwe. Ndinamuuza kuti ifenso sitiponya dzina la munthu wamkulu lili lamaliseche, timaliveka "a" kutsogolo, ndipo mkazi timatha kumulemekeza ndi mfunda wa bambo ake, Nabanda, Naphiri. Anasangalala nazo kwambiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo amandilembera ndi "a" kutsogolo kwa dzina langa, ngakhale pamene akundinyoza kuti ndinaneneratu zoti titenga ligi.

Ligiyo sitinatenge, mukudziwa. Pa gulu lathu la kuno la pa WhatsApp ndinayesa kufotokozako zonsezi tsiku lina wina atalemba Dynamo Kiev. Yankho linali lakuti: "Aise, fetereza wakwera chifukwa cha nkhondo yomweyo, iwe ukudandaula za sipelo?" Sindinalimbane naye. Thumba la fetereza ndi nkhani yeniyeni, ndipo kwa ambiri kuno nkhondoyo inafika kudzera m'munda, osati m'dikishonale. Koma usiku wa mu Meyi 2024, pomwe Usyk, wankhonya wa ku Ukraine, anagonjetsa Tyson Fury ku Riyadh, yemwe uja ndi amene anayamba kulemba pa gulupo, ndipo dzina loyamba la Usyk analilemba kuti Oleksandr. Sindinanene kanthu, kuopa angasinthe dala.

Mwezi wathawu mayi wa ku Kharkiv ananditumizira chithunzi cha sitampu yakale ya kuno yomwe anaiona pa intaneti. Anali atazunguliza chilembo chimodzi ndi mzere wofiira. Anafunsa kuti kadenga kali pamwamba pa w ako n'kachiyani, ndipo bwanji ine sindikalemba ndikamatchula dziko langa. Kodi alipo anakaletsa? Ndinamuuza kuti kamasonyeza w wofewa, wotchulidwa milomo itangoyandikana, ndipo palibe msilikali anabwera kudzakachotsa. Tinangokasiya tokha pang'onopang'ono, ndipo ambirife sitikatchulanso n'komwe.

"Ndiye ndizilemba bwanji?" anafunsa. "Dzina ndi lanu, mundiuze ndinu."

Ndinatsegula kiyibodi ya foni yanga, n'kudina w kwa nthawi, kudikira kuti tizilembo tina titulukire pamwamba. Sipanatuluke kanthu. Ndinalowa m'masetingi, ndinasintha chilankhulo cha kiyibodi kawiri, bandulo ikutha. Mapeto ake ndinakachikopera pa chithunzithunzi cha nkhani ina yakale, n'kumutumizira mawu amodzi okha: Malaŵi. Panali patadutsa mphindi khumi ndi ziwiri, ndipo iye anali atandifunsa kale ngati kuno magetsi azima.